Kiyi Ndinali Naye, Chilolezo Ndinalibe

Ana anga, za ubwana wanga munazimva kale kangapo, choncho pano ndiyambira pa ntchito. Anthu akamanditchula masiku ano amati ndinali namwino wolimba mtima, amene anakaima pamaso pa akuluakulu m'tauni kumenyera anamwino anzake. Ine ndati ndilembe ndekha zimene zinachitika ndisanaiwale, kuti mudziwe kuti mayi wanu anachita zonsezo akunjenjemera.

Nsaru, matipate atangoyamba

Ntchito yanga yoyamba inali pa kachipatala kena chakufupi ndi Nsaru. Ndinafika pa lole yonyamula fodya, nditakhalira sutikesi, diresi langa loyera nditalikulunga m'chitenje poopa fumbi. Dziko linali litangosintha kumene ndipo aliyense ankayankhula za ufulu, moti ngakhale odwala pamzere ankati, "Masiku ano ndi demokalase, anesi, musatikalipire." Koma m'kati mwa chipatala malamulo anali omwe aja. Mkulu wa pamalopo anali bambo Malunga, amene anthu onse ankangowatchula kuti adokotala, ngakhale kuti anali wothandizira dokotala. Anali munthu wa nthabwala, koma tsiku loyamba lomwelo anandiitanira m'chipinda chawo nkhope ili gwa, nanyamula cholembera m'mwamba. "Mwana wanga, ichi ndi changa," iwo anatero. "Iwe kwako ndi kubaya jakisoni, kutsuka mabala ndi kuthandiza amayi kuchira. Mankhwala ndimalemba ndine, iwe n'kupereka. Ukadzalumpha malire amenewa, ine sindidzatha kukuteteza."

Poyamba ndinkaona ngati akungondiopseza, mpaka zitamuchitikira Felesiya, mnzanga amene ndinaphunzira naye unamwino. Iye ankagwira ntchito pa chipatala china cha mbali yomweyo. Tsiku lina adokotala ake atapita kumaliro, kunabwera mwana wodwala chibayo, akupuma movutikira. Felesiya analemba yekha jakisoni n'kumubaya. Mwanayo anamwalira, ndipo mwina akanamwalirabe, pakuti anabwera naye mochedwa. Koma nkhani inafika kwa akuluakulu, ndipo ntchito inamuthera. Patapita nthawi ndinakumana naye pa msika wa ku Msundwe akugulitsa kaunjika. Ndinafuna kumulambalala kuti asachite manyazi, koma anandiitana yekha. "Esinati, ukudziwa zimene anandifunsa?" anatero uku akupinda malaya. "Sanandifunse ngati mankhwala aja anali oyenera ayi. Anangoti, kodi unalemba ndiwe? Ndinati eya. Nkhani inathera pomwepo." Ndinabwerera ku Nsaru ndikukumbukira mwambi uja. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kuyambira pamenepo cholembera cha adokotala ndinkachiona ngati njoka, ngakhale chigwe pansi sindinkachitola.

Kabudula, zaka za maliro ambiri

Atandisamutsira mbali ya ku Kabudula n'kuti nditakwatiwa ndi bambo anu, amene nthawi imeneyo ankaphunzitsa ku pulayimale. Zinali zaka zimene edzi inali itafika povuta, mankhwala otalikitsa moyo asanafike kumidzi. Zinthu zinkasowa. Magolovesi tinkachapa n'kuyanika pachingwe ngati matewera, ndipo panado akatha tinkangowauza anthu kuti akagule kugolosale. Chimene chinkandisautsa kwambiri sichinali imfa, koma ululu. Anthu ankabwera pangolo, miyendo itatupa ndi zotupa zakuda, ena khansa itawadya m'kati, ndipo ife tinkawauza abale kuti, "Pitani nawoni kunyumba, mukawasamale." Aliyense ankadziwa tanthauzo la mawu amenewo. Ngolo ikamatuluka pageti, kubuula kwa wodwala kunkamvekabe mpaka itakhota kuseri kwa mabulugamu.

Choncho atafunsa amene angakonde kukachita maphunziro apamwamba a kasamalidwe ka odwala matenda osachiritsika, ndinadzipereka. Kumeneko tinali pamodzi, anamwino ndi madokotala aang'ono, kalasi imodzi, mayeso amodzi. Ndiko kumene ndinaudziwa mofini, mankhwala amphamvu oletsa ululu, amene amabwera ngati madzi m'botolo ndipo wodwala amamwa pang'onopang'ono. Tinaphunzira poyambira pake, mmene amawonjezera, zizindikiro zoti wachuluka, ndi mmene ungathandizire wodwala akadzimbidwa nawo. Ndinakhoza bwino. Koma tsiku lotsanzikana mphunzitsi wathu anatiuza ife anamwino kuti, "Kumbukirani, zimene mukudziwazi n'zofanana ndi za anzanuwa, koma lamulo silinasinthe. Mofini amalemba ndi dokotala. Inu mudzasunga ndi kupereka."

Nambuma, chaka cha mvula yambiri

Ndi satifiketi yanga yatsopanoyo ananditumiza pa chipatala china chaching'ono cha kumidzi, mbali ya ku Nambuma. M'chipinda cha mankhwala munali kabati yachitsulo yokhomeredwa kukhoma, ndipo m'menemo munali mabotolo a mofini. Kiyi wake ankakhala ndi ine, nditamumangirira pa chingwe m'khosi. Wolemba anali bambo Gondwe, dokotala wamng'ono wochokera kumpoto, munthu wofatsa ndi wakhama, koma amene ankayang'anira zipatala zingapo nthawi imodzi. Kwathu ankabwera pa njinga yamoto pa masiku ake, msewu ukalola.

M'mudzi wina wosatalikira ndi chipatalacho munali mayi wina, aNambewe, wa mvano ku mpingo wathu wa chipresibeteriya, amene ankatsogolera nyimbo. Anali ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo ku chipatala chachikulu anali atawabweza kuti palibenso chochita. Amuna awo, bambo Kamphinda, anali mlimi wa fodya, wokhala chikamwini kwawo kwa akazi awo. M'mawa wina, mvula itagwa sabata yonse, bambowa anafika pakhomo panga buluku lili matope mpaka m'mawondo. "Anesi, tiyeni mukaone," anatero. "Ine zandikanika." Ndinapita nawo. Tisanafike pa nyumba, tili m'munda wa chimanga, ndinayamba kumva mawu amene sindinakhulupirire kuti ndi a munthu. Ndinawapeza aNambewe atagwada pa mphasa, mutu atautsamiritsa kukhoma, akuluma chitenje. Ana awo anali atawatumiza kwa achemwali awo kuti asamve. Atandiona anandigwira mwendo. "Asisita, mankhwala aja amene munkanena ku mvano aja, alipo eti?" Ndinati alipo. "Nanga bwanji?"

Kiyi anali pachifuwa panga, akundigunda ndikamapuma. Mlingo woyambira ndinkaudziwa. Koma ndinaona nkhope ya Felesiya pa mulu wa kaunjika, ndinaganizanso za inu amene munali aang'ono. Ndinawapatsa mapilitsi amene ndinali ololedwa kupereka, ndinawasambitsa, ndinawatsuka pamene pankatuluka fungo, n'kuwalonjeza kuti ndikawaitana adokotala. Ndinathamangira ku wailesi yotumizira mauthenga ya pachipatala, koma batire yake inali itafooka chifukwa dzuwa linali lisanawale masiku ambiri. Ndinakwera kabaza kulowera kumene kunali bambo Gondwe, koma pa mtsinje tinapeza madzi akuyenda pamwamba pa mlatho, atanyamula nthochi ndi mapesi. Wakabaza uja anati, "Amayi, ine ndili ndi banja, apa sindiwoloka." Tinabwerera. Ndinatumiza uthenga kudzera kwa anthu amene ankazungulira njira yakutali, ndipo tinadikira. Tsiku lililonse ndinkapita kwa aNambewe, ndipo tsiku lililonse ankandiyang'ana pakhosi pamene panali chingwe chija. Kenako anasiya kufunsa. Kusafunsako kunandiopsa kuposa kulira kuja.

Madzi ataphwa bambo Gondwe anafika, njinga yawo atachita kuikankha m'matope. Anawaona aNambewe, analemba, ine n'kutsegula kabati. Tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke mayi aja anagona tulo. Mawa lake anapempha phala. M'masabata otsatirawo ana awo anabwerera pakhomo, amayi a mvano ankabwera kudzaimba nawo, ndipo iwo ankawakonza akalakwitsa nyimbo. Anamwalira chimanga chitayamba kucha, mwakachetechete, masana, mwana wawo wamkazi akuwapesa tsitsi.

Mchimwene wawo wa aNambewe, amene anali mwini mbumba, ankakhala ku Kasiya, ndipo nthawi yonse ya matendayo sanabwere. Anafika pa maliro. Kumeneko anamva kuti mlongo wawo ankamwa mankhwala a m'botolo ochokera kwa nesi, ndipo wina anawanong'oneza kuti amenewo ndi mankhwala omalizitsa, amene achipatala amapereka akatopa naye munthu. M'mawa mwake, maliro ataikidwa, ndili m'kati moyeza amayi oyembekezera, ndinamva phokoso likuchokera kumsewu. Ndinasuzumira pawindo. Gulu la anthu linali kubwera, amuna patsogolo, ena atanyamula zibonga. Amayi oyembekezera aja anathawira kuseri osatenga ndi mabuku awo omwe. Mlonda anabwera akuthamanga nati, "Anesi, akufuna inu. Bisalani."

Ndinadzitsekera m'chipinda cha mankhwala, pansi pa kabati yomwe ija. Ndinakhala pansi pasimenti. Kunja ndinkamva dzina langa. "Atuluke nesiyo! Atiuze chimene anamumwetsa mlongo wanga!" Mwala unaphwanya galasi la chipinda chochirira amayi, wina unagwera padenga, malata n'kulira ngati mfuti. Ndinkaganiza za inu, kuti sukulu ikaweruka mudzera njira yomweyo. Ndinayesa kupemphera koma sindinathe. Ndinamva bambo Kamphinda akuyesa kuyankhula, akuti, "Alamu, mayiwa anatithandiza," koma anawadula. "Inu khalani chete, ndinu mkamwini. Kapena munapangana nawo?"

Mwamwayi linali tsiku la bambo Gondwe. Ndinamva njinga yamoto ikuima, phokoso n'kutsika pang'ono. Iwo sanakweze mawu. Ndi Chichewa chawo chakumpoto chija anati, "Amene analemba mankhwala aja ndine. Dzina langa ndi Gondwe. Mayi amene mukuwafunawo sangalembe mankhwala amenewa, lamulo siliwalola. Anangopereka zimene ndinawauza ine. Ngati pali mlandu, ndi wanga, ndipo tiyeni tipitire limodzi kupolisi pompano, mukanene zonse." Anawafotokozera za matendawo, kuti anali atafalikira kale, ndi kuti mankhwala aja sanawonjezere kapena kuchotsa tsiku pa moyo wa mlongo wawo. Mkulu wina wa mpingo amene anali m'gulumo anathandizira kuwakhazika mtima pansi. Kupolisi sanapite. Anthu anabalalika pang'onopang'ono, ena akung'ung'udzabe. Bambo Gondwe atagogoda pachitseko, ndinalephera kuimirira kuti ndiwatsegulire, ndinachita kukwawa.

Patangopita miyezi yochepa kunabwera a metironi, mkulu wa anamwino m'boma lathu. Anandiuza kuti anamwino ena amene anachita maphunziro apamwamba akhala akupempha akuluakulu a zaumoyo kuti aziloledwa kulemba okha mankhwala ena, kuphatikizapo mofini, ndipo kukhala msonkhano m'tauni. "Oyankhula bwino Chingerezi tili nawo," anatero a metironi. "Chimene tikusowa ndi munthu wakumudzi amene waziona ndi maso. Mupite ndinu." Ndinawapempha kuti ndikaganize.

Ndinawauza bambo Gondwe, ndikuyembekeza kuti akondwera, pakuti ndi iwo amene ankavutika ndi matope. Koma iwo anati, "Asisita, ine sindikukayika kuti mumadziwa ntchito. Koma tsiku lija chinakupulumutsani n'chiyani? Ndinatha kuwauza anthu aja kuti simunalembe ndinu. Mukadzapatsidwa chimene mukupemphacho, pansi pa mankhwala padzakhala dzina lanu. Ine ndimakwera njinga n'kuchoka. Inu mumagona konkuno, ana anu amatunga madzi pa mjigo umodzi ndi anthu amenewa. Walira mvula walira matope." Sindinawatsutse, chifukwa ankanena zoona. Bambo anunso anakana. "Amayi a Tiyamike, miyala ija sinakukwanireni? Asiyeni a m'tauni amenye nkhondo yawo. Inu mwatsala ndi zaka zowerengeka kuti mupume bwinobwino." Ndinawavomera, ndipo ndinakonzeka kukawauza a metironi kuti apeze wina.

Amene anandisokoneza ndi bambo Kamphinda. Mkazi wawo atamwalira, abale a malemu anawamasula kuti abwerere kwawo, ndipo pochoka anadzera kuchipatala kudzatsanzika, atanyamula mtedza m'kathumba. Tinakhala pakhonde. Anapepesa za miyala ija ngati kuti anaponya ndi iwo. Kenako, akuyang'ana pansi, anati, "Anesi, ine za tsiku la maliro sindiziganiza kwambiri ayi. Imfa ndi ya tonse. Chimene chimandibwerera ndi masiku aja tinkadikira kuti madzi aphwe. Ndinkathawira kumunda kuti ndisamve, ndiye ndikafika kumundako ndinkamvabe. Kodi wina akadzadwala choncho mvula ikugwa, zidzakhalanso momwemo?" Ndinawauza kuti malamulo ndi ovuta. Anagwedeza mutu, nanyamuka, nati, "Chabwino, poti inu ndi amene mumadziwa." Atapita ndinakhala pakhonde pomwepo mpaka odwala anayamba kudandaula pamzere. Madzulo ake ndinawauza bambo anu kuti ndipita. Masiku angapo otsatira tinkangopatsana moni basi.

M'tauni, chilimwe cha chaka chomwecho

Msonkhano unachitikira m'chipinda chachikulu chozizira, chokhala ndi matebulo oyalidwa nsalu zoyera. Munali madokotala akuluakulu, oona za mankhwala, ndi akuluakulu oyang'anira ntchito ya unamwino, omwe aja amene ali ndi mphamvu yolanda munthu chiphaso chogwirira ntchito. Ndinakhala kumbuyo, nsapato zanga ndikuzibisa pansi pa mpando chifukwa zinali ndi fumbi lofiira la kwathu. Anamwino a m'tauni anayankhula bwino, ndi zithunzi pakhoma. Kenako anaimirira dokotala wina wamkulu, mayi wa imvi, amene ankatsutsa. Sanali wachipongwe. Anati mofini si panado, ukachuluka munthu amasiya kupuma. Anati akafalikira m'manja ambiri, wina adzayamba kuba n'kumagulitsa. Anafunsanso kuti namwino amene ali yekha kumudzi adzamuyang'anira ndani akalakwitsa. Ndinkamvetsera ndikuvomereza mumtima, mpaka ndinayamba kulakalaka kuti nthawi ithe asananditchule.

Ananditchula. Popita kutsogolo ndinapunthwa pa chingwe cha magetsi. Chingerezi chimene ndinakonzekera m'minibasi chinathawa chonse, ndipo ndinangoima, chipinda chili zii. Wapampando anati, "Mayi, yankhulani m'Chichewa, tonse tikumva." Ndiye ndinafotokoza za aNambewe, osatchula dzina lawo. Ndinanena za chitenje chimene ankaluma, za mlatho, za kiyi amene anali m'khosi mwanga. A metironi anali atandilangiza kuti za miyala ndisanene, poopa kuti ziwapatsa mphamvu otsutsa. Koma nditafika pamenepo ndinaona kuti ndikazibisa ndiye kuti ndanama, choncho ndinanena zonse, mpaka mmene dzina la bambo Gondwe linandipulumutsira.

Dokotala wa imvi uja anandiyang'anitsitsa. "Ndiye inu mayi, mutaona zimenezo, mukufunabe kuti pakhale dzina lanu? Anthu akadzabweranso ndi miyala mudzatuluka nokha?"

"Sindikudziwa ngati ndidzatuluke, adokotala," ndinayankha. "Tsiku lija ndinabisala. Ndine wamantha. Koma mantha anga ndi a tsiku limodzi, pamene mayi uja analira masiku onse amene mtsinje unali wodzaza. Sindikupempha kuti namwino aliyense azilemba. Ndikupempha kuti ife amene munatiphunzitsa nokha, n'kutiyesa mayeso, mutilole. Muzibwera kudzationa mmene tikuchitira, mabotolo tiziwerenga anthu awiri, ndipo wolakwitsa mumulange. Komanso mutithandize kuphunzitsa anthu m'mipingo ndi m'midzi kuti mankhwalawa sapha. Ngati simungatilole, ndiye mutenge kiyiyu, chifukwa ine kumusunga kukundipweteka."

Palibe anaomba m'manja. Wapampando anathokoza, nati nkhaniyi aipititsa kwa oyenera, ndipo tinapita kukadya. Chakudyacho sindinachimve kukoma.

Nditabwerera kuntchito, mkulu wina wa ku ofesi ya m'boma, amene dzina lake sindilitchula, ananditumizira uthenga wakuti ndachititsa manyazi dera lathu ponena za miyala pamaso pa alendo, ndipo aganizira zondisamutsira kutali. Miyezi yotsatirayo ndinkakhala mtima uli m'mwamba. Galimoto iliyonse ya boma ikaima pageti, ndinkati basi, kalata yondisamutsa yafika. Bambo anu anayamba kusunga makatoni opanda kanthu kuseri kwa chitseko. Kusamutsidwako sikunabwere, koma yankho la pempho lathunso silinabwere. Anandiitananso ku misonkhano ina, ku Namitete ndi m'tauni, ndipo ulendo uliwonse ndinkanyamuka ndi mantha omwe aja. Sindinazolowere. Dokotala wa imvi uja nthawi ina anabwera yekha kudzaona chipatala chathu, nafunsa mafunso ambiri, nakwera kabaza mpaka pa mlatho uja. Sananene ngati wasintha maganizo, ndipo ine sindinamufunse.

Nambuma, patapita zaka zingapo

Chilolezo chinabwera mochedwa, ndili pafupi kupuma. Chinali cha ife ochepa amene tinachita maphunziro aja, ndipo chinali ndi malamulo ake okhwima. N'kuti bambo Gondwe atapita kukawonjezera sukulu, ndipo wolowa m'malo mwawo anali asanabwere.

Wodwala woyamba amene ndinamulembera ndekha anali bambo wina wachikulire, aChimbalanga, mmisiri wa matabwa, amene khansa inali itawalowa m'mafupa. Anali munthu wolongolola pa moyo wawo wonse, koma ululu unawatseka pakamwa, ankangolira misozi chamumtima atayang'ana kudenga. Ndisanatsegule botolo ndinapempha kuti abale onse asonkhane, makamaka akuchimuna ndi adzukulu akuluakulu. Ndinawaonetsa botololo, n'kuwauza kuti, "Awa sachiza, ndiponso sapha. Agogowa adzamwalira ndi matenda awo, kaya amwe kaya asamwe. Mankhwalawa ndi oti asamve kuwawa. Wolemba ndine, dzina langa mukulidziwa, ndi nyumba yanga yomwe mukuidziwa. Amene ali ndi funso afunse lero." Anafunsa ambiri, ena mokayikira. Muphwa wawo wa aChimbalanga, mwamuna wamtali wosaseka, ankangondiyang'ana. Ndinalemba mankhwalawo m'kabuku kawo ka kuchipatala, pansi pake n'kulembapo dzina langa.

AChimbalanga anakhala ndi moyo mpaka nyengo yokolola mtedza. Uthenga wa maliro utandipeza, ndinakumbukira miyala ija. Bambo anu anati ndisapiteko, kapena tipitire limodzi. Ndinakana zonse ziwiri. Ndinati ndikapanda kupita adzati ndikuthawa, ndipo ngati kuli zovuta kuli bwino mmodzi wa ife atsale ndi inu. Ndinavala chitenje ndi duku, osati yunifolomu, ndipo ndinakakhala pakati pa amayi, chakumapeto, pamene ndinkaona njira yotulukira kudzera m'munda wa chinangwa.

Mwambo unayenda, kwaya inaimba, ndipo inafika nthawi yoti woimira banja afotokoze mmene malemu anadwalira. Anaimirira muphwa wamtali uja. Anafotokoza za matenda, za maulendo a ku chipatala chachikulu, kenako anaima, namwaza maso pagulu. "Kodi anesi aja abwera? Ngati alipo aimirire, anthu awaone."

Mitu yonse ya amayi inatembenukira kwa ine. Ndinayang'ana ku chinangwa kuja, koma panali patakhala kale anthu. Ndinaimirira nditagwira phewa la mayi amene anali pafupi nane.

"Mayi awa ndi amene ankawamwetsa malume mankhwala a m'botolo," anatero muphwa uja. "Ine ndinali mmodzi mwa okayikira, ndiye ndinkabwera tsiku ndi tsiku kudzaona. Malume anali atasiya kuyankhula. Atayamba kumwa mankhwalawo, anayambiranso kutilalatira. Anatilalatira za mbuzi zimene zinadya mbatata, za sowo yawo imene wina anabwereka osabweza, za malire a dimba. Dzana lomweli anandinena ine kuti chitseko chimene ndinakhoma ndi chopotoka. Abale anga, munthu amene akumva kuwawa salalata za chitseko. Malume apita ali iwo omwe aja. Anesi, tathokoza. Khalani pansi."

Anthu anaseka chapansipansi, monga amasekera pamaliro a munthu wachikulire. Ine ndinakhala pansi. Thukuta linali litanyowetsa duku lonse. Mayi amene ndinamugwira phewa uja, amene sindinkamudziwa n'komwe, anandipatsa nsonga ya chitenje chake kuti ndipukute kumaso. Anadikira mpaka kwaya itayambanso, kenako anandiyandikira kukhutu.

"Anesi, amayi anganso akudwala chonchi, kutsidya kwa mtsinje uko. Mungabwere liti?"

Ndinati, "Lachiwiri."